Galimoto Yomwa Madzi a Shire

Abale anga, ndiyambe ndi kupepesa. Ndipepese kwa alamu anga amene ndinawaseka ana awo akumva, ndipepesenso kwa nonse amene munandimvapo ndikulalata pa bawo kuti galimoto yoyendera magetsi n'chidole cha ana a mabwana. Ndinanena ndine, sindikukana. Ndinafika ponena kuti munthu wogula chinthu chotere kuno kwathu, kumene magetsi amabwera ngati mlendo n'kuchoka osatsanzika, ndiye kuti ndalama zikumuyabwa m'thumba. Lero ndabweza moto. Ndaikwera, ndaiyendetsa ndi manja angawa, kutsika nayo ku Chikwawa n'kukweranso, ndipo mayi a kunyumba akuti nkhaniyi ndikumawasokosa nayo ndi m'tulo momwe.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinali panja ndikutsuka kagalimoto kanga, kamene kanali katagona masiku anayi kopanda ndi dontho lomwe la petulo, ndiye ndinkangokatsuka kuti kasaone ngati ndakataya. Galu wathu, amene amayamba kuuwa galimoto ikadali kumsika, anali lambalala pakhonde. Ndikuti nditembenuke nditunge madzi, ndinangoona chinthu choyera chili njo kumbuyo kwanga, pang'onong'ono kundigunda m'miyendo. Mayo! Ndowa uko, ine uko. Galasi linatsika, alamu mano ali mbee.

"Alamu, mwachita kuikankha kuchokera kumsewu?"

"Ayi alamu, ikulira chonchi."

"Ikulira pati?"

"Kulira kwake n'komweku."

Ndinatsamira khutu pa boneti ngati mzamba pamimba ya mayi woyembekezera. Zii. Ndinazungulira kumbuyo kukafuna ekizozi, kugwada mpaka kudetsa thalauza, osaiona. Galimoto yopanda paipi ya utsi, anthuni!

Ndi Nissan Leaf, yoyendapo kale ku Japan monga alili magalimoto ambiri pamsewu pathupa. Mtundu umenewu unayamba kugulitsidwa mu 2010, ndiye si chinthu chadzulo ayi, ochedwa kumva ndife. Ya alamuyi ndi ya m'badwo wachiwiri umene unatuluka mu 2017. Batire lake lili kunsi kwa mipando, lophwatalala ngati matiresi, lolemera ngati matumba 6 a chimanga, ndipo likakhala latsopano limasunga mayunitsi 40. Ee, mayunitsi omwewa timagula pa foni n'kukalowetsa manambala m'mitawa. Apa mutu wanga unaima kaye. Ine mayunitsi ndimawadziwa kuti ndi a ketulo, a simbi, a kuonera mpira. Zoti angasenze anthu awiri ndi thumba la ufa n'kukwera nawo phiri sizinkandilowa m'mutu.

Thumba la ufalo linalidi m'buti. Alamu ankakalisiya kwa azakhali awo ku Chikwawa, ndipo anandiponyera kiyi n'kunena kuti woseka uja ndiye ayendetse.

Manyazi anga oyamba anali pomwepo pageti. Ndinaponda buleki, kudina batani, magetsi a kutsogoloku n'kuyaka, kanyimbo kakang'ono n'kulira, kenako mayi uja wa m'magalimoto a ku Japan n'kundipatsa moni m'chiyankhulo chake chimene tonse timangovomera osamva. Ndinadikira kuti injini itsokomole. Palibe. Ndinadinanso batani lija, zonse n'kuzima.

"Mwaizimitsa, alamu. Inali italira kale."

Anaseka mpaka misozi. Ndinayatsanso, phazi lamanzere likufufuza kilachi pamalo popanda kanthu, dzanja likufufuza ndodo ya magiya n'kupeza kanthu kozungulira konga bowa. Kukakankhira mbali n'kukakokera kumbuyo, basi wakonzeka. Ndinachotsa phazi pa buleki, ndipo nyumba yanga inangoyamba kutsalira yokha. Ndinkamva timiyala tikuphwanyika kunsi kwa matayala, ndinkamva nkhunda padenga la aneba, ndinkamva mpaka kupuma kwa alamu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyendetsa galimoto osadziwa kuti chiwongolero chimanjenjemera, ndinadziwira tsiku limeneli chitasiya.

Chikaiko changa chachikulu chinali mphamvu. Ndinkati chinthu cha mabatire chiziyenda ngati nkhono. Titalowa mu tala, alamu anati, "Pondaniko moto pang'ono." Ine n'kuponda ngati mmene ndimapondera kagalimoto kanga, kamene umachita kukapempha. Abale! Msana unamatirira kumpando, chipewa cha alamu chinagwera kumbuyo, mtima unatsalira pa mphambano. Osabangula, osasintha giya, osadikira kalikonse, kungoti fyuu, ngati mwala wa pa legeni. Ndinafuula ngati mwana wokwera katungwe koyamba. Galimotoyi ilibe giya wani, giya thu, giya firii. Mota yake imapereka mphamvu zonse ikangoyamba kuzungulira, pamene injini ya petulo imayenera iyambe yakalipa kaye kuti ikoke.

Amene munakulira kumudzi mumvetsa msanga. Kumbukirani chigayo cha dizilo: kupukusa chitsulo mpaka thukuta, chiphokoso chomveka kutsidya kwa dambo, utsi wakuda, mgolo wa madzi oziziritsira ukuwira pambali. Ndiye kumbukirani tsiku limene pa tauni yanu panabwera chigayo chamagetsi, mnyamata n'kungokweza switchi, icho n'kuyamba kung'ung'udza. Kusiyana kwake n'komweko. Madzi owira aja ndiwo akuulula chinsinsi cha injini: pa malita 10 alionse a petulo amene timalimbirana, osachepera 7 amangothera m'kutentha, m'rediyeta ndi mu ekizozi, osafika kumatayala. Timagona pa mzere kuti tikagule moto wowotha mpweya! Mota yamagetsi imataya zochepa kwambiri, mphamvu zambiri zimapitadi kokayendetsa galimoto.

Za mizerezo, tinaudutsa umodzi tisanatuluke m'tauni. Unali wautali mpaka kukhota pakona, maminibasi, akabaza a njinga zamoto ataunjikana ngati njuchi, anyamata a zigubu akuzungulirazungulira. Ndinaona bambo wina atatsegula zitseko zonse, mapazi ali pawindo, ndipo ndinadziona ndekha mu 2022, pamene ndinagona m'galimoto usiku wathunthu, udzudzu ukundiimbira, n'kufika pa pampu m'mawa kungomva kuti angotha kumene. Pafupifupi dontho lililonse la mafuta m'dziko muno limachokera kunja, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zija timazisowa pogula mankhwala ndi feteleza. Ine ndinangodutsa phee, ndipo ndivomere tchimo langa: ndinamva kukoma. Ndinafuna kuimika dzanja kuwabayibitsa, alamu n'kundigwira kuti anthu okwiya sasewera nawo.

Pa Chadzunda ndinaphunzira kuipa kwa chete. Linali tsiku la anthu ambiri, ndipo munthu wa kuno amapatukira galimoto ndi khutu, satembenuka. Mayi wina wosenza dengu la tomato ankangoyenda pakati pa msewu mtima uli m'malo, ife tikumutsatira ngati tikumuperekeza. Galimotoyi ikamayenda pang'onopang'ono imatulutsa kaphokoso kochita kupangira, konga kamluzu, koti oyenda pansi azimva, ndipo ku Ulaya analamula kuyambira mu 2019 kuti mitundu yatsopano ya magalimoto otere izikhala nako. Koma kamluzu ka ku Japan pa msika wa Chadzunda, pamene pali zimkuzamawu zitatu zikupikisana ndi wogulitsa mankhwala a makoswe? Ndinaliza hutala, mayi uja anadumpha, tomato awiri n'kugwa. Tinaima, tinapepesa, tinagula mulu. Mbuzi nazonso sizitimva. Mukadzaiyendetsa, chala chizikhala pafupi ndi hutala.

Tsopano khalani bwino, chifukwa chimene chinandigwetsa m'chikondi chili kutsogoloku.

Amene munatsikapo msewu wa ku Chikwawa mukudziwa malo aja pamene dziko limangotseguka, chigwa chonse chili yalaa kunsi, Shire akunyezimira ngati njoka yowothera dzuwa. Kuchokera ku Blantyre kukafika kumtsinjeko mumatsika mamita pafupifupi 900, msewu ukukhota ngati matumbo a nkhuku, makutu akutseka n'kutseguka. Ine malo amenewa ndimawaopa. Ndimatsika ndili pa giya thu, injini ikulira ngati nkhumba yomangidwa, phazi lili pa buleki, mphuno zikununkhiza fungo lija la mabuleki opserera a malole. Tisanayambe kutsika alamu anati ndione nambala ya batire. Inali pa 80. Kenako anadina kabatani kena n'kunena kuti, "Buleki muyiiwale. Mukafuna kuchepetsa liwiro, ingonyamulani phazi pa moto."

Ndinati alamu, ana anga akadali aang'ono.

Koma ndinayesa. Pa khona yoyamba ndinanyamula phazi pang'ono, galimoto n'kudzigwira yokha, mofatsa, ngati munthu wakukoka malaya kumbuyo. Kunyamula kwambiri, kugwira kwambiri. Kubwezera, n'kumasuka. Phazi limodzi, chopondera chimodzi, phiri lonse! Khona yachiwiri, yachitatu, ndinayamba kumva kukoma, chifukwa kulemera konse kuli kunsi ndipo galimoto sipendekeka pokhota, imangomata pamsewu ngati nalimata pakhoma. Tili pakatikati alamu anati, "Taonaninso nambala ija."

Inali pa 82.

Ndinayesa maso akundinamiza. Tayenda mtunda, tanyamula ufa, ndiye batire likuwonjezeka? Ndinati uwu ndi ufiti, alamu nenani bwino kumene munaitenga galimotoyi. Iwo anandikumbutsa dayinamo ya njinga za madala, kabotolo kaja kotsamira pa tayala. Ukakatsamiritsa, nyali imayaka, koma kupalasa kumalemera. Basi n'zomwezo. Potsika, matayala ndiwo amazunguza mota, mota n'kusanduka dayinamo, magetsi n'kubwerera m'batire, ndipo kulemera kuja ndiko kumagwira galimoto. Mphamvu imene malole aja amaiwotcha pa mabuleki mpaka kununkha, ife tinkaitola n'kuika m'thumba. Tangoganizani mukutsika phiri, singano ya petulo n'kumakwera! Ndani anaonapo? Pofika pa Thabwa nambala inali pa 84, ine kukamwa kuli yasa, ndikuseka ndekha ngati wobwebweta.

Wapolisi wa pa rodibuloko anatiimika, n'kuweramira pawindo nkhope itakwinyika. "Bambo, mwatsika phiri lonseli injini mutazimitsa kuti musunge mafuta? Mukufuna kupha anthu?" Alamu anatuluka n'kutsegula kachitseko ka pamphuno pa galimoto, pamene pamalowa chaja. Bwana uja anasuzumira, anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana wachitatu. Tinachoka pamenepo tikubayibitsana ngati achibale.

Pa mlatho wa Kamuzu ndinapempha kuti tiime kaye tikawoloka. Ndinabwerera wapansi n'kutsamira chitsulo, kuyang'ana madzi a Shire akuyenda mwaulesi, odera, atasenza namasupuni. Kumtunda pang'ono kwa pamene ndinaimapo kuli Kapichira. Kupitirira apo kuli Tedzani, kenako Nkula, kumene makina oyamba anayamba kuzungulira mu 1966. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera m'malo atatu amenewa, pamtsinje umodzi womwewu. Ndiye kuti madzi amene ankadutsa kunsi kwa mapazi angawa anali atagwira kale ganyu, anazunguza makina kumtundako, ndipo anzawo amene anadutsa dzulo lake ndi amene anali m'batire la alamu. Mvula yogwa ku Nyika ndi ku Livingstonia, kulowa m'nyanja, kutulukira ku Mangochi, kudutsa ku Liwonde, n'kudzandinyamula ine ndi thumba la ufa. Palibe sitima ya pamadzi, palibe thanki yodutsa pa Mwanza kapena pa Songwe, palibe dola. Tsitsi linandiima, anthuni. Maiko ena amatchaja magalimoto otere ndi magetsi a malasha, utsi n'kungosamuka kuchoka pamsewu kupita ku fakitale. Ife athu ambiri ndi a madzi ndi dzuwa, ndiye kagalimoto koyera kaja kanali kakuyenda ndi mvula ya chaka chatha.

Ndikudziwa, ndikukumvani. Mukuti nanga akazima? Funso limeneli ndinalifunsa ndine poyamba, mokuwa. Ndipo si lopusa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, tonse tinadya mumdima kwa miyezi yambirimbiri mpaka anakonza mu 2023. Nyanja ikatsika, kapena zinyalala zikatseka makina, zimakhalanso zomwezo. Koma alamu anandifunsa funso limene linanditseka pakamwa: "Foni yanu inakhalapo sabata yathunthu yosatchaja chifukwa cha kuzima kwa magetsi?" Ayi. Amapita, amabwera, ukawapeza umabaya. Galimoto imagona pakhomo usiku wonse, ndipo munthu wa m'tauni amene amayenda makilomita 30 kapena 40 patsiku safunika kudzaza batire tsiku lililonse. Pa soketi wamba imakoka magetsi ofanana ndi a ketulo, kungoti kwa maola ambiri, ndipo usiku umodzi umakupatsa makilomita oposa 100. Petulo akasowa, wasowa, sungamupange kuseri kwa nyumba. Magetsi ungawatchere padenga ndi sola. Ngakhale dziko layamba kutero: ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021, ku Golomoti kuli wina wa 20 wokhala ndi mabatire ake osungira.

Ndalama zake ndisakuwerengereni, mitengo ikusintha ngati nyengo. Ingotengani cholembera. Galimoto ya alamu imadya mayunitsi pafupifupi 15 pa makilomita 100. Kanga kamamwa malita 7 pa mtunda womwewo, kakakhala kuti kasangalala. Funsani mtengo wa mayunitsi 15 lero, funsani wa malita 7, muike pamodzi, kenako mukhale pansi musanagwe.

Ku Chikwawa kunkatentha monga mwa masiku onse, dzuwa lochita kukuluma pakhosi. Tinaima pansi pa mtengo kudikira mwana woti atilondolere njira, mpweya wozizira ukutuluka, injini palibe, mafuta osapsa, chikumbumtima chili phee. Koma alamu anafunafuna mthunzi mwadala, chifukwa kutentha ndi mdani wa batire, makamaka la mtundu uwu limene lilibe madzi oliziziritsa. Batire limakalamba, pa ichi sindinalakwe. Limatha mphamvu pang'onopang'ono ngati la foni, kungoti pa zaka zambiri. Pa galimotoyi pali timizere 12 tosonyeza umoyo wake, ndipo ya alamu yatsala ndi 11. Iwo akuti munthu wogula yakale asayang'ane utoto kapena mipando, awerenge timizereto, chifukwa batire ndilo theka la galimoto.

Azakhali anatilandira ndi nthungululu. Atamva kuti galimotoyi simwa mafuta, anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Nanga imadya chiyani, bambo?"

"Magetsi, azakhali."

"Ngati wailesi?"

"Ngati wailesi."

"Ndiye mukanabwera nayo kudzagona, ikanagona ndi njala. Kuno tili ndi aka." Analoza kasola kakang'ono kali padenga la udzu, kotchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi.

Tinaseka, koma mawuwo anandikhala. Mabanja ambiri m'dziko muno, makamaka kumudzi, alibe magetsi, ndipo ambirife galimoto yathuyathu sitidzagula, kaya ya petulo kaya ya batire. Timayenda pa minibasi ndi pa kabaza. Ndiye pobwerera ndinkangoganiza za mzere uja wa njinga zamoto. Ku Kigali, akabaza a njinga zamagetsi za kampani ya Ampersand sadikira n'kutchaja komwe, amafika pa siteshoni, kutsitsa batire lotha, kukweza lodzaza, n'kumapita, mofulumira ngati kusinthitsa botolo la gasi. Ku Nairobi mabasi amagetsi a BasiGo akhala akunyamula anthu kuyambira mu 2022. Mzinda wa Shenzhen ku China unasintha mabasi ake onse, oposa 16,000, kukhala amagetsi pofika kumapeto kwa 2017. Ku Norway, dziko lokumba mafuta lenilenilo, mwa magalimoto 10 atsopano ogulidwa mu 2024, pafupifupi 9 anali amagetsi okhaokha. Ndipo Ethiopia, mnzathu wosowa ndalama zakunja ngati ife koma wokhala ndi damu lalikulu pa Blue Nile, mu 2024 analetsa kuitanitsa magalimoto a petulo ndi dizilo. Tayerekezani m'depoti ya ku Limbe m'mawa, maminibasi onse ali chete, mpweya wopanda utsi, phokoso lili la oitanira okha. Awo ndiye palibe batire lingawatontholetse.

Chitunda chinandibwezera pansi. Zimene phiri linatipatsa potsika linadzatilanda pokwera, ndi chiwongoladzanja chomwe ngati katapila. Tinayamba kukwera tili pa 78, ndipo nambala inayamba kugwa ndikuona: 74, 70, 66. Manja anachita thukuta. Ndinazimitsa mpweya wozizira mwakachetechete, alamu n'kuuyatsanso. Ndinkangoona m'maganizo tili m'mbali mwa msewu, anthu akutiseka, ndipo pano sungatume mwana ndi chigubu kuti akakugulire mayunitsi awiri. Koma kukoka kwake, abale! Tinapeza lole ya shuga ikukwawa, utsi uli tolotolo, ndipo pamalo owongoka ndinangoponda, ife fyuu, lole yatsala. Pamwamba tinafika tili pa 56, pakhomo tinalowa tili pa 46. Mantha onse aja anali aulere. Komabe ndisakunamizeni, kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndipo galimoto iyi singafike osaima penapake kwa maola, pakuti malo otchajira mwachangu m'misewu yathu ndi osowa. Ya alamu ndi ya m'tauni ndi maulendo apafupi. Zilipo zina za mabatire akuluakulu zofika kutali, koma mtengo wake ndi woti munthu uyambe wakhala pansi. Mumsewu wa mabampu ndi zigwembe imafunanso ulemu, poti ndi yaifupi ndipo chuma chonse chili kumimba.

Madzulo kunabwera aneba anga, makaniko wa zaka zambiri amene ali ndi garaja ku Ndirande. Anatsegula boneti mwaukatswiri, n'kuima. Anafuna poyezera oyilo, palibe. Mapulagi, palibe. Fyuluta ya mafuta, kabuleta, lamba wa taimingi, zonse palibe. Anangozindikira kabatire wamba kakang'ono koyatsira nyali ndi wailesi, n'kukasisita ngati mbale wawo amene akumana naye kuchilendo. Atatambasula dzanja kuti agwire mawaya okhuthala achikasu chofiirira, alamu anakuwa, chifukwa mmenemo mumadutsa mavoti oposa 300, si zoseweretsa ndi sipanala.

"Ndiye achimwene, ife tizidya chiyani?"

Alamu anawatonthoza kuti matayala, mashoko, mabushi ndi mabeyaringi zilipobe, ndipo misewu yathuyi singalole makaniko kugona ndi njala. Koma funso lawo ndi lenileni. Galimoto yotere ikadwala matenda a m'kati, odziwa kuichiza kuno akadali ochepa, ndipo anyamata a m'magaraja athu afunika kuphunzira zamagetsi msanga. Ndinawafunsanso alamu za mvula, poti ndinkakhulupirira kuti ukalowa nayo m'chithaphwi ndiye kuti nonse mwapsa. Akuti batire ndi lotsekedwa ndithu, dzinja lathali ayenda nayo m'mvula yonse ija osamva ngakhale kunyerenyetsa.

Usiku ndinakhala pa foni kuwerenga ngati wolemba mayeso mawa, ndipo ndinapeza zina zosakoma. Mabatire samera pamtengo. Kobati woposa theka wa dziko lonse amachokera ku Congo, kumene ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa, ana omwe. Lithiyamu akukumbidwa ku Bikita ku Zimbabwe, kopa ku Zambia, girafaiti ku Balama ku Mozambique, ndipo wina wapezeka kwathu konkuno ku Kasiya, ku Lilongwe. Kupanga galimoto yamagetsi kumaononga chilengedwe kuposa kupanga ya petulo, imadzabweza ngongoleyo pang'onopang'ono ikamayenda, ndipo imabweza msanga kumene magetsi ndi a madzi ngati kuno. Makampani ena, monga BYD ya ku China, akupanga mabatire opanda kobati. Nanga batire likatheratu tidzalitaya kuti, ife amene timalephera ndi mapepala apulasitiki omwe? Zimenezi zinandiziziritsa pang'ono. Kenako ndinapeza china chimene chinandidzutsanso: galimoto yoyamba padziko lapansi kupitirira liwiro la makilomita 100 pa ola inali yamagetsi! Mu 1899! Anaiyendetsa Camille Jenatzy wa ku Belgium, agogo a agogo athu asanaone ndi njinga yomwe. Petulo anachita kulanda ufumu pambuyo pake, atatchipa. Ndinadzutsa mayi a kunyumba kuti ndiwauze, iwo n'kundiponyera pilo.

Anzanga, ngati muli ndi mlamu, msuweni, bwana kapena mdani amene ali nayo, mupempheni. Musapemphe kukwera chabe, pemphani chiwongolero. Mupite nayo pamene pali chitsikira, kaya ku Zomba kuchokera kuphiri, kaya ku Chiweta, kaya ku Khwekhwelere, munyamule phazi, muyang'ane nambala. Mudzandiimbira foni, ndikudziwa, ndipo mudzakhala mukukuwa.

Alamu anaisiya kwathu usiku umenewo, poti kunada ndipo anati atenga kabaza adzaitenga mawa. Ndinadutsitsa chingwe pawindo la kukhitchini, kuzula ketulo, kubaya galimoto. Inalira kamodzi kuti pi, ndipo pamwamba pa dashibodi panayamba kuphethira timagetsi tabuluu. Cha m'ma 11 magetsi anazima, mtima wanga n'kuzima nawo. Ndinagona ndikumvetsera. Cha m'ma 2 firiji inayamba kung'ung'udza, ndipo ndinadzambatuka, kutuluka ndi chitenje cha mayi m'khosi, osavala nsapato. Kunja kunali zii, nyenyezi zili mbuu, galu akundiyang'ana modabwa. Timagetsi tija tinali titayambiranso tokha kuphethira. Ndinakhala pa ndowa yanga ija n'kumangoyang'ana, kagalimoto kanga kakale kali pambali ngati mkazi wamkulu wanyanyala.

Zenera la kuchipinda linatseguka.

"Bambo a ana, bulangete ndikubweretsereni konko?"